Njereza ya Ada Longwe

Anthu ena amakumbukira agogo awo akamva nyimbo ya kutchalitchi, ena akalawa ndiwo zina zake. Ine zanga n'zochititsa manyazi pang'ono: ndimawakumbukira ndikanunkhiza njereza yonyowa. Ndikangodutsa pomwe munthu akupaka khoma, fungo lozizira lija, lokhala ngati la dothi lowazidwa ndi mvula yoyamba koma loluma pang'ono m'mphuno, limandinyamula n'kukanditula pakhonde la tiyirumu ya agogo anga aamuna, m'mphepete mwa msewu pafupi ndi Kande, m'mawa wa Loweruka, utsi wa nkhuni za mango ukutuluka kuseri komwe agogo aakazi ankaphika masikono, ketulo yaikulu ikulira ngati kamwana ka mbuzi, agogo aamunawo ataima pampando, burashi ili m'manja, tayi ili m'khosi.

Inde, tayi. Popaka njereza ankavala tayi, kungoti ankailowetsa m'malaya pakati pa batani lachiwiri ndi lachitatu kuti isadonthedwe.

Aliyense ankawatchula kuti Ada Longwe, monga timaitanira bambo wolemekezeka kwathu kwa Atonga. Paunyamata wawo anagwira ntchito zaka zambiri yoperekera zakudya mu hotela ina ku Harare, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi majekete awiri oyera, thireyi, tipoti, ndi chikhulupiriro choti Mose anaiwala lamulo limodzi paphiri paja, loti usadetse khoma. Kunyumba ankalankhula Chitonga, kwa apaulendo Chichewa, ndipo Chingerezi ankachisungira tipoti, chifukwa ikayamba kudontha ankaikalipira m'chinenero chimenecho, ati n'chomwe inakulira.

Tiyirumuyo inali ya chipinda chimodzi, mabenchi atatu, ndi khonde loyang'ana kumsewu. Ankamwamo asodzi obwera ndi mamba a usipa m'mikono, amuna opalasa njinga zolemera ndi mpunga wa ku Limphasa, ndi anthu a ku esiteti ya mphira omwe zovala zawo zinkanunkha utomoni. Onsewa ankalandiridwa mofanana. Agogo ankatuluka kuseri atavala jekete yoyera, kansalu kali pamkono, thireyi ili m'mwamba, n'kuika kapu pa sosala, chogwirira chake chitaloza kudzanja lamanja la mlendo. Tipoti ankayamba aitsuka ndi madzi otentha kuti tiyi asadzidzimuke. Msodzi akathira tiyi mu sosala n'kumamwa mofwenthera, agogo ankangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Munthu amayamba kumwa tiyi ndi maso," ankatero. N'chifukwa chake Loweruka loyamba la mwezi uliwonse khoma lakutsogolo linkalandira njereza, kaya lada kaya silinade.

Ine ndinkakhala nawo agogowo chifukwa mayi anali pantchito ku Mzuzu. Ndinali ndi zaka ngati khumi, ndipo kunena chilungamo ndinali munthu wopanda ntchito pamalopo. Akandituma madzi ndinkabwera ndi nkhani. Chomwe chinandiwononga ndi makoma a m'kati. Agogo aakazi, aNyaManda, anawamata ndi nyuzipepala zakale pogwiritsa ntchito phala la ufa wa chinangwa, kuti dothi lisamagwere mu tiyi. Iwo sankasamala kuti pepala lagona bwanji, bola lamata. Ndiye ine, amene kusukulu ndinkangopitako ngati mlendo, kuwerenga kwenikweni ndinakuphunzirira pamakomapo. Mapepala ozondoka ndinkawawerenga nditawerama, mutu uli pakati pa miyendo, makasitomala akundidutsa ndi makapu awo. Mpaka lero ndimatha kuwerenga kalata ili patebulo la munthu wina ine ndili mbali inayo, luso lomwe landithandiza kangapo m'maofesi.

Vuto linali lakuti nkhani zanga zonse zinali zakufa. Ndinkathamangira msodzi n'kumuuza kuti mtengo wa shuga wakwera, iye n'kuseka kuti mtengo umenewo unali wa nthawi yomwe ankafunsira mbeta. Anandipatsa dzina loti Wailesi ya Dzana. Ndipo panali nkhani imodzi, pamwamba pa benchi ya pakona, yomwe inkandisowetsa mtendere. Inali ya bambo wina amene ng'ombe yake inalowa m'kalasi nthawi ya mayeso. Inkafika pokoma penipeni, mphunzitsi atakwera pa desiki, kenako pansi pake n'kulemba kuti yapitirira pa tsamba 6. Tsamba 6 ndinalifunafuna makoma onse anayi. Kunalibe.

Zaka zimenezo malo athu anali atayamba kusintha. Maloji anali kumera m'mbali mwa nyanja ngati bowa, aliyense ndi mpanda wake. Maminibasi anachuluka, malole a matabwa ndi a simenti nawonso. Kenako kunabwera amuna ovala zipewa zolimba, ndi kachipangizo ka miyendo itatu komwe ankasuzumiramo ngati akufuna kutijambula. Anakhoma zikhomo m'tchire. Mbiri inamveka kuti msewu aukulitsa, akumba ngalande, amanga pokwerera basi ndi msika wa malata, ndipo magetsi afika. Anthu anakondwa. A Mhone, telala yemwe ankachita lendi khonde loyandikana nafe, anayamba kale kulota za makina osokera a magetsi.

Chomwe sitinafunse n'chakuti msewu ukanenepa, udya chiyani.

Tsiku lina Lachinayi agogo anapita ku msonkhano wa madoda a mpingo ku Bandawe. Masana kunafika bambo wamfupi, wathukuta, atanyamula chitini cha penti yofiira. Ankayenda nyumba ndi nyumba, kuyang'ana papepala, n'kupaka ekisi yaikulu, chilembo cha X chija, pa khoma lililonse lomwe linali m'njira ya msewu. Atafika pa khoma lathu loyera anachita zikwapu ziwiri, thasu, thasu, n'kupitirira. Penti inatsika m'mizere ngati magazi a mbuzi. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: nyumba imeneyi igwa.

Agogo anatsika minibasi dzuwa likadali m'mwamba. Anaima pakati pa msewu, Baibulo lili m'khwapa, n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali, moti wanjinga wina anachita kuwalambalala akuliza belu. Tonse tinkadikira kuti akalipa, mwina m'Chingerezi. Sanatero. Analowa m'nyumba, anavula jekete ya kutchalitchi n'kuipinda bwinobwino, analowetsa tayi m'malaya, n'kutulutsa ndowa ya njereza.

Penti yofiira ndi yamakani. Atapaka koyamba inasanduka yapinki ngati diresi ya mkwatibwi wachiwiri. Anadikira kuti iume, anapakanso. Kachitatu khoma linayera mbee.

ANyaManda anali ataima pakona, manja ali m'chiuno.

"Ada Longwe, mukuganiza kuti msewu uli ndi maso?"

"Msewu ulibe maso, koma anthu ali nawo. Ndani angamwe tiyi m'nyumba yooneka ngati butchala?"

Patatha sabata bambo wa chitini uja anabweranso. Anaima patsogolo pa tiyirumu, anayang'ana pepala lake, anayang'ana khoma, anakanda m'mutu, anayang'ananso pepala. Agogo anali kuseri akusita jekete ndi simbi ya makala, sanamuone. Thasu, thasu. Dzuwa lisanapendeke, khoma linali loyeranso.

Apa nkhani inasanduka mpira. Asodzi akamalowa m'mawa ankafuula ali panja: "Ada, zili bwanji pabwalo? Ofiira kapena oyera?" Agogo ankayankha akuika kapu pa sosala, nkhope ili gwa: "Oyera awiri, ofiira awiri, koma oyera akusewera pakwawo." A Mhone nawo anayesa kufufuta ekisi yawo ndi matope, mvula inagwa usiku umodzi, ekisi n'kutulukanso yowala kuposa kale. Ine ndinali mbali ya oyera ndi mtima wonse. Ndinkakhulupirira kuti njereza ikapirira, aboma atopa, msewu ukhota, ndipo tiyirumu yathu ikhala pomwepo mpaka Yesu adzabwere.

M'masabata omwewo aNyaManda anayamba ntchito yawoyawo. Anabwereka chikombole, anaitana amayi awiri a kumpingo, n'kuyamba kuumba njerwa kuseri, kupitirira mtengo wa mango. Ndinawaona tsiku lina akuyenda kuchokera pa chikhomo cha anthu a msewu, akuwerenga mapazi chapansipansi, kenako n'kuika mwala.

"NyaManda, njerwa zonsezi n'zachiyani?" anafunsa agogo aamuna.

"Khola la nkhuku."

"Nkhuku zili zinayi."

"Ziswana."

Agogo anayang'ana mizere ya njerwa itayanikidwa padzuwa, yochuluka moti ikanakwana khola la ng'ombe ndi mbusa wake yemwe, ndipo sanafunsenso. Pano ndikakumbukira ndimaona kuti anthu awiriwa ankamvana bwino kwambiri pa zinthu zomwe sankanena.

Bambo wa penti anabwera kachitatu Loweruka m'mawa. Ulendo uno sanapake. Anaika chitini pansi pakhonde, anavula chipewa, n'kuodira.

"Odi kuno! Eni nyumba alipo?"

Agogo anatuluka atavala jekete yoyera. "Lowani, bambo. Tiyi wamkaka kapena wopanda?"

"Sindinabwerere tiyi ine."

"Aliyense amatero asanalawe. Khalani apo."

Munthuyo anakhala pa benchi ya pakona, pansi penipeni pa ng'ombe yanga ya m'kalasi. Anati dzina lake ndi Mbewe, kwawo ndi ku Dedza. Chichewa chake chinali chija cha pawailesi, chosalala, chopanda minga ya Chitonga ngati chathu. M'tiyirumu munali asodzi atatu ndi a Mhone, ndipo onse anasiya kutafuna.

Agogo sanafulumire. Anatsuka tipoti ndi madzi otentha. Anabwera ndi thireyi, anaika kapu, anatembenuza chogwirira, anathira tiyi kuchokera m'mwamba osadonthetsa, anaika sikono yotentha pambali. A Mbewe anayang'ana zonsezi ngati munthu woti wabwera kudzamenya nkhondo n'kupeza akumuyalira mphasa.

"Bambo Longwe," anatero atamwa kamodzi, "mundichotsetsa ntchito. Abwana anga adutsa pano kawiri, kawiri konse apeza khoma loyera. Akuti ndimadumpha nyumba za anzanga. Dzulo andifunsa ngati pentiyi ndikumwa."

"Ayi, nkhope yanu si ya munthu womwa penti," anatero msodzi wina. Anzake anaseka, agogo anawayang'ana, kuseka kunatha.

"Ine ndine wotumidwa chabe," anapitiriza a Mbewe. "Ndili ndi ana anayi. Ndipo ndikuuzeni zoona ngati bambo anga: mukafufuta ekisi, msewu sukhota ayi. Makina akadzabwera sadzafunsa njereza."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Mwana wanga, ine ndinaona misewu ikumeza nyumba zosanja ku Harare. Ndiye kanyumba kanga ka mabenchi atatu n'chiyani?"

Ine ndinkayembekeza kuti agogo anena kuti salola.

"Nanga mukufufutiranji?" anafunsa a Mbewe.

"Chifukwa mumalemba moipa."

Apa ngakhale diso la agogo silikanaletsa kuseka. A Mhone anatsamwa ndi sikono. Kenako a Mbewe nawonso anaseka, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Koma agogo sankaseka. Anakhala pa benchi moyang'anana ndi mlendoyo, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita atavala jekete yoyera, n'kuika kansalu kawo pabondo.

"Khoma ili ndinaliumba ndekha nditangobwera kuchokera kuntchito," anatero motsitsa mawu. "Ndalipaka njereza mwezi ndi mwezi, mayi a mnyamata uyu asanayambe n'kukwawa komwe. Kwanu ku Dedza, munthu akamwalira mumatani? Mumamutaya ali ndi matope kumaso?"

"Ayi, timamusambitsa."

"Mumamuveka chiyani?"

"Zovala zake zabwino."

"Basitu. Ine sindikukana maliro. Ndikungoti wakufayo apite atavala bwino."

A Mbewe anamaliza tiyi wawo, anaika kapu pa sosala mosamala kwambiri, chogwirira kumanja. Kenako anatuluka, anatenga chitini ndi burashi, n'kuzipereka kwa agogo ndi manja awiri.

Ntchito yomwe a Mbewe ankaigwira pa zikwapu ziwiri, agogo inawatengera ola lathunthu. Anakhoma timisomali tinayi, anamanga ulusi wa a Mhone kuchokera pakona kufika pakona, analemba mizere ndi khala, anagwiritsa thabwa kuti burashi isasochere. Anthu anasonkhana. Minibasi ina inaima, kondakitala n'kutulutsa mutu kufunsa ngati tikutsegula chipatala. Itatha, ekisiyo inali yowongoka, mikono yake yofanana, m'mphepete mwake mwakuthwa ngati mwadulidwa ndi lezala, popanda kadontho ngakhale kamodzi. Agogo anabwerera m'mbuyo mpaka pamsewu, anapendeketsa mutu, n'kuvomera.

"Abwana akadzaona iyi adzati ndinapita kukosi," anatero a Mbewe.

Aliyense anaomba m'manja kupatula ine. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pa benchi ya pakona, n'kuyamba kulira mokweza, mamina ndi misozi pamodzi. Ndikanakonda kunena kuti ndinkalirira agogo ndi thukuta lawo la zaka zambiri. Bodza. Ndinkalirira makoma anga. Ndinkalirira ng'ombe.

Agogo anandipeza pomwepo, a Mbewe ali pambuyo pawo.

"Wailesi, chavuta n'chiyani?"

"Akagwetsa ndiziwerenga chiyani? Ndipo tsamba 6 sindinalipeze!"

Panafunika kuwafotokozera a Mbewe nkhani yonse ya ng'ombe, ndipo munthuyo anawerenga yekha pakhomapo, milomo ikuyenda, mpaka pamene mphunzitsi anakwera pa desiki. "Aa! Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa. Ine ndinaonjezera kulira.

Agogo anandipukuta nkhope ndi kansalu ka pamkono, kamene sikankakhudza munthu wina aliyense. "Khoma limeneli waliwerenga kangati? Wakula tsopano. Yakwana nthawi uziwerenga zinthu zokhala ndi tsamba 6."

Lolemba lotsatira a Mbewe anadutsa pa lole ya anthu a msewu n'kundiponyera nyuzipepala yathunthu, ya dzulo lake, masamba onse ali m'malo mwake. Inali yoyamba m'moyo wanga. Ndinaiwerenga yonse, ngakhale za maliro ndi za ofuna ntchito, ndipo ndinatulukira chinthu chomwe chimandikhumudwitsabe: nkhani zambiri zikafika pa tsamba 6 zimazizira. Mathero omwe ndinkapeka ndekha anali okoma kuposa a atolankhani.

Agogo sanadikire makina. Anati nyumba yawo sigwetsedwa ndi chitsulo chosadziwa dzina lake. Anasankha tsiku, anaitana asodzi aja, a Mhone, ndi madoda a mpingo. M'mawa mwake anaperekera tiyi womaliza, waulere, mwa dongosolo lonse, kenako anavula jekete, analowetsa tayi m'malaya, n'kukwera padenga. Malata anatsika limodzilimodzi, misomali ikuwongoledwa n'kuikidwa m'chitini. Njerwa zinkachotsedwa ndi manja, kupalidwa, n'kupatsirana pamzere mpaka kuseri. Ine ananditulutsa pamzerewo nditagwetsa njerwa ziwiri chifukwa choima kuwerenga zomwe zinamatirira. Ndinapita kukanyowetsa makoma otsala n'kumasenda mapepala, ndipo pansi pa nyuzipepala zomwe ndinkazidziwa ndinapeza zina zakale, pansi pa izo zinanso, ngati anyezi. Tsamba 6 ndinapeza atatu. Onse anali a nkhani zina.

Mzere wa njerwa unkathera kuseri kwa mango, pa khola la nkhuku lija. Pofika tsikulo linali litakwera kale mpaka m'chiuno. Linali ndi malo a chitseko choyang'ana kumsewu, malo a zenera, ndi maziko a khonde. Agogo aamuna anafika atanyamula chitseko chakale, anachiimika pamalopo, chinakwana ndendende. Anatembenuka.

"NyaManda, nkhuku zako zizimwa tiyi?"

"Pa sosala," anayankha agogo aakazi, osakweza n'mutu komwe.

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. Si aliyense anali ndi malo kuseri, kapena mkazi wodziwa kuwerenga mapazi. A Mhone khonde lawo litagwa sanapeze lina lomwe akanakwanitsa, chifukwa mashopu atsopano a simenti lendi yake inali ya anthu ena. Anamangirira makina awo pamwamba pa minibasi n'kupita kwa mlongo wawo ku Mzuzu, magetsi omwe ankawalota asanayake n'komwe. Asodzi nawo anayamba kuchepa, popeza njira zachidule zochokera kunyanja zinatsekeka ndi mipanda, ndipo munthu wotopa sazungulira mtunda chifukwa cha sosala. Msewu utatha, magalimoto anayamba kudutsa ngati athamangitsidwa, ndipo omwe ankaima ankaima kanthawi kongotsitsa munthu. Anyamata a kabaza ankabwera injini ikulira, kufuna tiyi wa m'botolo la pulasitiki kuti azimwa akuyenda.

"Tiyi sathamanga," ankatero agogo. "Zimitsa chinthu chakocho, ukhale pansi."

Ena ankazimitsa, ambiri ankapita. Miyezi yoyambayo chomwe chinatisunga ndi masikono a aNyaManda, omwe iwo sanaone vuto kuwagulitsira pazenera la minibasi, beseni lili pamutu, akukangana ndi makondakitala m'zinenero zitatu.

Ndiye tsiku lina masana kunabwera mtsikana wa m'mudzi mwathu, atavala yunifolomu ya loji ina. Anagwada pakhomo mwamanyazi n'kunena kuti wathira mlendo supu pamwendo kawiri, ndipo amuuza kuti kachitatu abwerera kukaviika chinangwa. Anamva kuti Ada Longwe amadziwa kunyamula thireyi.

Ndinaona agogo akuwongoka msana ngati mpunga wothiriridwa. Analowa m'nyumba, anatulutsa jekete yachiwiri yoyera, imene inakhala m'bokosi zaka zonsezo, n'kumuveka. Anadzaza tipoti ndi madzi, anaika makapu anayi pa thireyi. "Yang'ana komwe ukupita, osati thireyi. Thireyi ikadziwa kuti ukuiopa, imagwa." Sabata yotsatira anabwera atatu. Mwezi usanathe, masana aliwonse khonde latsopanolo linkadzaza anyamata ndi atsikana oyenda uku ndi uku ndi mathireyi, ena atanyamula zivundikiro za mapoto chifukwa thireyi inalipo imodzi, agogo ali pakati ngati woimbitsa kwaya, asodzi otsala aja akukhala alendo oyeserera n'kumadandaula dala kuti supu yazizira. Ophunzirawo akalandira malipiro ankabwera kudzamwa tiyi ndi anzawo, ndipo ankakhala pansi, chifukwa ankadziwa lamulo. Ine ndinayesako kamodzi. Ndinaphwanya sosala, ndipo anandibwezera ku nyuzipepala.

Makoma a m'kati mwa tiyirumu yatsopanoyo anali a pulasitala, opanda chilembo ngakhale chimodzi. Lakunja linkada msanga ndi fumbi la malole, moti njereza inachoka pa kamodzi pamwezi kufika kawiri. Agogo ankadandaula kuti chitukuko chabwera ndi fumbi lake, koma ankadandaula akuimba mluzu, ali pampando, tayi ili m'malaya. Anakhala akupaka khoma limenelo mpaka miyendo inakana mpando, ndipo atamwalira tinawaveka jekete yoyera.

Ine pano ndili ku Mzuzu. Ndimagulitsa mabuku akale, makope ndi zolembera, ndipo ambiri mwa mabukuwo ndimayamba ndawawerenga ndisanawagulitse, ena ndimawabisa kuti asagulidwe ndisanamalize. Kwa zaka zingapo ndinkagulitsira m'kanyumba ka matabwa m'mbali mwa msewu wina. Chaka chatha anati akonza dera lonselo, aika njira ya oyenda pansi ndi mashopu a njerwa. Tsiku lina ndili pakati pa buku, ndinamva fungo la penti. Nditatuluka ndinapeza mnyamata atakweza kale burashi.

"Imani kaye, achimwene," ndinatero. "Ndibwerekeni burashiyo."

Anandiyang'ana ngati wamisala, koma anandipatsa. Ndinafuna ulusi, ndinafuna thabwa, ndinalemba mizere ndi choko, anthu akuima kuonerera, ine ndikumva magazi a Ada Longwe akuyenda m'mitsempha mwanga. Ekisi yomwe inatuluka inali yopindika ngati miyendo ya nkhanu, mkono umodzi wautali, ndipo penti inadonthera pa nsapato zanga zonse ziwiri.

"Madala," anatero mnyamatayo, "mukanangondisiya ine."

Ndinafika kunyumba ndikukonza mawu omuuzira mkazi wanga kuti malo athu apita. Ndisanafike n'pakati, iye anandidula, akupeta mpunga, osakweza n'mutu komwe. Anati analankhula kale ndi mayi wina wa kumpingo miyezi iwiri yapitayo, malo alipo kuseri kwa msika, matabwa athu omwewa akwana.

"Ukuweta nkhuku?" ndinamufunsa.

"Nkhuku zanji? Mwayambanso za m'mabuku mwanu?"

Sindinamufotokozere. M'mawa wa tsiku lophwasula ndinadzuka molawirira, ndinagula njereza ya m'kapepala, ndinavala tayi yanga imodzi yokhayo n'kuilowetsa pakati pa batani lachiwiri ndi lachitatu. Kanyumba kaja kanali kasanaonepo njereza chimangireni. Ndinakapaka konse, thabwa ndi thabwa, ndikuzungulira mosamala ekisi yanga yopindika ija. Oyandikana nawo anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino, kupaka chinthu choti chigwa masana omwewo.

Ndinawauza kuti adikire kaye chiume.